Luso Linapita ndi Mwini Wake

Madamu amene ankaphunzitsa mwana wa mlongo wanga anapuma pa ntchito, nalongedza katundu kubwerera kwawo. Palibe amene analakwa pamenepa. Munthu akakwanitsa zaka zake amapuma, ndipo iwo anali atakhetsa thukuta lokwanira. Koma chichokereni iwo, mtima wanga sunakhale m'malo. Kachipinda kamene ankagwiriramo ntchito pa sukulu ina kuno ku Sadzi mu Zomba, kamene ana amangoti ku risosi, kali ndi loko pachitseko. Mukasuzumira pawindo mupeza zonse zili m'malo mwake: makadi a zithunzi omangidwa ndi mphira, zitsekerero za mabotolo m'chitini, galasi lodziyang'anira lokhomedwa kukhoma, tchati cha zilembo zamanja chimene chayamba kufwifwa ndi dzuwa. Sanatenge kalikonse. Chimene chinapita ndi chija chinali m'mutu ndi m'zala zawo, ndipo ndicho chakhala chikundisowetsa tulo, chifukwa sindinkaganizapo kuti tsogolo la ana a dera lonse lingakhale litatsamira pa mayi mmodzi woyenda pa njinga yakapalasa.

Mtsikanayu, mwana wa mlongo wangayo, anabadwa akumva. Matenda oumitsa khosi anamugwira ali ndi zaka 4, ndipo atatuluka m'chipatala tonse tinathokoza kuti wapulumuka. Patapita masiku mlongo wanga anabwera m'mamawa, nakhala pakhonde osalankhula kwa nthawi. Kenako anati, "Achimwene, mwana uja sakucheuka ndikamamuitana." Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako, mwinimbumba ndiwe, choncho nkhaniyi inagwera ine. Pakhomo ponse anthu anayamba kumukuwira, monga amachitira aliyense amene sanauzidwepo njira ina, ndipo mawu ochepa amene iye ankawadziwa anayamba kuthothoka limodzilimodzi. Atayamba Sitandade 1 anapeza mphunzitsi wabwino mtima, bambo wofatsa amene anali ndi ana oposa 100 atakhala pansi m'chipinda chimodzi. Anamukhazika kutsogolo. Ankamugawira chitumbuwa pa nthawi yopuma. Mwanayo ankakopera zapabolodi mwaukhondo kuposa anzake onse, zilembo zozungulira bwino, kope lopanda chofufuta. Mayi ake ankationetsa kopelo monyadira. Koma m'zolemba zonsezo munalibe liwu ndi limodzi lomwe limene iye ankadziwa tanthauzo lake. Ankajambula zilembo monga mmene akanajambulira mphika kapena nkhuku. Mphunzitsiyo sanachite ulesi, sanamunyoze, sanamuiwale. Anapereka zonse zimene anali nazo, ndipo zimene mwanayo ankasowa sizinali m'gulu la zimenezo.

Madamu aja atayamba kufika pa sukuluyo, zimene anachita poyamba zinali zazing'ono mwakuti wina akanatha kuzipeputsa. Anaima kumbuyo kwa mwanayo, nagwetsa chivundikiro cha poto, kenako anagwedeza bokosi la machesi ku khutu ili ndi ilo, kuti adziwe ngati patsala kakumva kalikonse. Anauza mayi ake kuti akamuyezetse makutu kwa akatswiri ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre. Anakhala pansi ndi mphunzitsi wa kalasi, namupempha zinthu zosafuna ndalama: asamalankhule atayang'ana kubolodi, asamaime motsamira windo chifukwa nkhope imachita mdima ndipo milomo siioneka, azigwira chinthu chenichenicho m'manja akamachitchula, ayambe wakodola mwanayo asananene kanthu. Kenako anayamba kumupatsa chinenero chamanja, osati iye yekha ayi, komanso anzake awiri okhala naye pafupi, ndi mayi ake amene ankapita masana atachoka ku geni. Aliyense wa pakhomo pathu analandira dzina lamanja. Langa ndi chala chokanda pachibwano, chifukwa cha ndevu. Madzulo ena ndinapeza mlongo wanga akulira kuseri kwa nyumba. Ndinayesa kuti kwagwa zovuta. Koma nkhani inali yoti mwana wake anali atangomufotokozera, ndi manja, kuti m'mimba mukumupweteka chiyambire dzulo, ndiponso kuti mnyamata wina anamulanda pensulo. Kwa zaka zonsezo mayiyu ankangolota zimene zikumuvuta mwana wake. Tsiku limenelo anachita kuuzidwa.

Apa m'pamene pali chizolowezi chathu chimene chimandivutitsa. Tikaona mphunzitsi wotere timafulumira kunena kuti ali ndi mtima wa Mulungu, ndi mphatso, anachita kuitanidwa. Ndinawayamikirapo madamuwo ndi mawu oterewa, ndipo anandiyankha mwaulemu koma mosabisa: "Zikomo bambo, koma izitu ndinachita kuphunzira. Ndinakhala pa desiki ku Nguludi, ndinalemba mayeso." Mawu amenewa ndawatembenuza kambirimbiri. Tikamati ndi mphatso timaoneka ngati tikulemekeza, pamene kwenikweni tikudzimasula. Mphatso simuikonzera bajeti. Simumangira koleji, simufunsa kuti chaka chamawa atuluka angati, simudandaula ikasowa, mumangoti Mulungu sanatipatse. Komatu mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka sitimuthamangitsira kwa mnansi wachifundo kuposa onse, timafuna mzamba wophunzira ntchito yake, ndipo ngati ali wachifundo timathokoza kawiri. Nanga bwanji pa mwana wosamva, wosaona kapena wochedwa kugwira zinthu timakhutira ndi chifundo chokha? Mphunzitsi wa Sitandade 1 uja chifundo anali nacho chosefukira. Kusiyana kwa iye ndi madamuwo kunali koti wina anaphunzitsidwa, wina ayi.

Ntchitoyi ili ndi mbiri yake m'dziko muno, ndipo si yaifupi. M'zaka za m'ma 1950 amishoni anatsegula sukulu za ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Mu 1968 abulazala a chipani cha FIC ochokera ku Holland anayamba maphunziro a ana osamva ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumene kuli sukulu ya Maryview, ndipo koleji ya Montfort pamalo omwewo inakhala gwero la aphunzitsi a ana osaona ndi osamva. Maphunziro okhudza ana ovutika kugwira za m'kalasi anadzawonjezedwa mochedwa, mu 1996. Kwa zaka zambiri Montfort inali khomo lokhalo lotulukira aphunzitsi oterewa m'Malawi yense, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, kufikira pamene Catholic University inatsegulidwa konko ku Nguludi mu 2006 ndi kuyamba kupereka digiri ya maphunziro amenewa. Opita ku Montfort amakhala aphunzitsi kale, ogwirapo choko, ndipo aliyense amasankha mbali imodzi. Kusankhako kuli ndi chifukwa. Wophunzitsa ana osaona ayenera kudziwa Braille, zilembo za timadontho 6 zimene Louis Braille anakonza ku France m'zaka za m'ma 1820. Ayenera kudziwa kuti polemba ndi kachitsulo kobowolera mwana amayambira kumanja kupita kumanzere, kuti akatembenuza pepala aziwerenga kuchokera kumanzere. Ayenera kudziwa kuphunzitsa mwana kuyenda ndi ndodo yoyera, kuwerengera masitepe, kuzindikira khomo la kalasi ndi phazi. Zonsezi n'zosiyana kotheratu ndi zimene wophunzitsa ana osamva amaphunzira, ndipo mwana amene samva komanso saona, monga amene amasamalidwa ku Chisombezi, amafuna luso linanso lachitatu, lolankhulira m'chikhatho.

Koma madamu athu, amene anaphunzira za ana osamva, atafika kuno anapatsidwa ana onse. Mwana aliyense amene mphunzitsi wa kalasi wamulephera ankatumizidwa ku risosi. Kunali mtsikana wachialubino amene ankafinya maso poyang'ana bolodi, ndipo iwo ankamulembera ndi cholembera chonenepa pa pepala loyera, namulola kuvala chipewa m'kalasi. Kunali mnyamata wa khunyu amene anzake ankamuthawa akagwa, ndipo iwo anayenda kalasi ndi kalasi kufotokoza kuti khunyu silipatsirana, kuti wogwayo mumamugoneka chammbali, mumachotsa zimene zingamupweteke, ndipo simumuika supuni kapena chala m'kamwa. Amene sindimuiwala ndi mnyamata wina amene sankayang'ana munthu m'maso, wokonda kundandalika zitsekerero za mabotolo mumzere wowongoka. Mvula ya ku Zomba mukuidziwa mmene imatsikira kuchokera kuphiri. Ikayamba kumenya malata, mnyamatayu ankatseka makutu ndi manja, kukuwa ndi kudzimenyetsa kukhoma, ndipo anthu ankati walodzedwa, ena ankati ndi mwano wofuna chikwapu. Madamuwo anati zizindikiro zake zikufanana ndi autism, ndi kuti phokosolo limamupweteka zenizeni. Ankayang'ana mitambo, ikada n'kumutengeratu kuchipinda chokhala ndi siling'i mvula isanagwe. Anamujambulira zithunzi zosonyeza zimene zichitike tsikulo, chimodzi pambuyo pa chinzake, ndipo kukuwa kunachepa. Koma iwo eni anandiuza kuti zambiri za mwana ameneyu ankachita kufunsa anzawo pa foni ndi kuwerenga usiku, chifukwa si zimene anakaphunzira. Sankadandaula. Ankangonena zoona, kuti munthu mmodzi sangakhale katswiri wa ulumali wa mtundu uliwonse.

Ndikaganiza za mmene tinafikira pano, ndimabwerera ku 1994. Chaka chimenecho boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana m'sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chaka chomwecho maiko anakumana ku Salamanca ku Spain n'kugwirizana kuti ana aulumali aziphunzira pamodzi ndi anzawo m'sukulu za kwawo. Zonse ziwiri zinali zabwino, ndipo popanda izo mwana wa mlongo wanga mwina sakanaponda n'komwe pa sukulu. Koma zinakumana pa mutu wa munthu mmodzi, mphunzitsi wa kalasi, amene anapatsidwa ana ochuluka kuposa kale komanso osiyanasiyana kuposa kale. Ndondomeko imafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma m'makalasi aang'ono m'matauni mwathu 100 si chachilendo. Ku TTC, m'zaka 2 za maphunziro a uphunzitsi, nkhani ya ana aulumali imakhudzidwa, koma ndi kagawo chabe pakati pa zambiri. Pambuyo pake pamabwera timisonkhano ta masiku ochepa ku TDC, malo osonkhanira aphunzitsi a m'zoni, kumene aphunzitsi amamva mawu abwino onena za kusasiya mwana aliyense kumbuyo, amalandira kabuku, n'kubwerera ku kalasi yomwe ija. Sindikunyoza timisonkhanoti. Mphunzitsi amene wamva kamodzi kokha kuti asamalankhule atafulatira ana wapindula kale. Mantha anga ndi akuti tingayambe kuwerenga anthu amene anakhalapo pa msonkhano ngati akatswiri, n'kuona ngati kuphunzitsa katswiri weniweni n'kuwononga ndalama. Chinenero chamanja ndi chinenero chathunthu, chokhala ndi malamulo ake. Palibe amene anaphunzirapo Chiyao kapena Chitumbuka Lolemba n'kuyamba kuphunzitsiramo masamu Lachinayi.

Pena ndimadzifunsa ngati sikukanakhala bwino kungomutumiza mwanayu ku sukulu yogonera komweko ya ana osamva. Zilipo: Maryview, Mountain View ku Bvumbwe, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba, ndi zina zochepa kumpoto. Madamuwo anatiuzapo mosapita m'mbali kuti kumeneko mwana amapeza chinthu chimene risosi singamupatse, ndicho khamu la anzake olankhula ndi manja kuyambira m'mawa mpaka pogona, okangana, onenana miseche, osimbirana nthano. Chinenero chimakula pakati pa anthu, osati pa ola limodzi ndi mphunzitsi. Ndinapita kwa mlongo wanga ndi maganizo amenewa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Achimwene, mwana amene ndangoyamba kumene kumva zakukhosi kwake, ndimupereke kwa eni?" Ndinalibe poyankhira, ndipo mpaka lero ndimaona kuti tonse awiri tinali ndi mfundo. Malo m'sukulu zimenezi ndi ochepa, thiransipoti ndi yokwera, ndipo mwana wamng'ono amafuna amake. Ana ambiri osamva a dziko lino adzakulira m'sukulu wamba, kaya tifune kaya tisafune. Choncho funso la amene akuwaphunzitsa kumeneko silingathawike.

Palinso china chimene chimandibweza m'mbuyo ndikayamba kutamanda maphunziro mopitirira. Maphunziro nawonso amatha kusokera. Mu 1880 akatswiri ophunzitsa ana osamva anasonkhana ku Milan ku Italy n'kugamula kuti chinenero chamanja chichotsedwe m'sukulu, ana aziphunzira kuwerenga milomo ndi kutulutsa mawu basi. Pafupifupi onse amene anagamula anali anthu akumva. Chigamulocho chinalamulira maiko ambiri kwa zaka pafupifupi 100, ndipo mphepo yake inafika ndi kuno, kumene kwa nthawi yaitali ana osamva ankalimbikitsidwa kulankhula ndi pakamwa kuposa ndi manja. Amene ankachita zimenezi anali ophunzira bwino, a zolinga zabwino. Chimene chinasowa n'kufunsa eni ake. N'chifukwa chake ndikamati aphunzitsi aphunzitsidwe, ndimafunanso kudziwa kuti awaphunzitse ndani. Munthu wosamva wamkulu, amene chinenero chamanja ndi chake chobadwa nacho, ayenera kuima kutsogolo kwa kalasi ya ku koleji monga mphunzitsi wolipidwa, osati mlendo woitanidwa pa tsiku la chikondwerero. Mabungwe a eni nkhaniyi alipo: MANAD ya anthu osamva, Malawi Union of the Blind ya osaona, APAM ya anthu achialubino, PODCAM ya makolo, ndi FEDOMA imene imawasonkhanitsa. Madamu aja ankati manja awo anamasuka kwenikweni atayamba kucheza ndi anthu osamva akuluakulu Loweruka, ndipo anthuwo ankawaseka akalakwitsa ndi kuwakonza pomwepo.

Ana ovutika m'kakulidwe ndiwo amandidetsa nkhawa koposa, chifukwa vuto lawo silioneka ndi maso. Wosaona timamuzindikira. Koma mwana amene anadwala malungo aakulu, nakomoka masiku, nachira, amabwerera kusukulu akuoneka wabwinobwino. Kafukufuku wa zaka zambiri ku Gulupu wasonyeza kuti ena mwa ana opulumuka malungo a mu ubongo amatsala ndi khunyu, kuvutika kuphunzira kapena kusintha khalidwe. M'kalasi mwana wotere amatchedwa mbuli kapena wovuta, amabwereza Sitandade 2 mpaka msinkhu kumupitirira, kenako amangosiya, ndipo palibe amene amalemba chifukwa chake. Chonsecho chida choyezera kakulidwe ka mwana chotchedwa MDAT chinakonzedwa konkuno ku Malawi, chinasindikizidwa mu 2010, ndipo maiko ena akuchigwiritsa ntchito. Nzeru ilipo m'dziko. Chimene chikuchedwa ndi ulendo wake wochoka kwa madokotala kukafika kwa mlezi wa ku sukulu ya mkombaphala ndi kwa mphunzitsi wa Sitandade 1, amene amaona mwanayo tsiku lililonse pa msinkhu umene thandizo limagwira ntchito msanga.

Ukakwera phiri la Sadzi n'kuyang'ana tauniyi, umaona malo amene maphunziro a dziko lino amakonzedwera. Yunivesite ili ku Chirunga. MANEB, imene imakonza mayeso ndipo imasindikizanso ena m'zilembo za Braille ndi zilembo zikuluzikulu, likulu lake lili mom'muno. Ukatsika msewu wa ku Liwonde ufika ku Domasi, kumene kuli koleji ya aphunzitsi ndi MIE yokonza silabasi ndi mabuku. Malamulo nawo tili nawo: dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo la anthu aulumali mu 2012, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linati pulayimale ndi yokakamiza kwa mwana aliyense. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo achialubino okha analipo 134,636. Chiwerengerochi chikuphatikiza akulu ndi ana, komabe chikutiuza kuti palibe sukulu imene ingati ana oterewa ilibe. Pepala la mayeso la Braille limadikira mwana ku Sitandade 8, koma kuti akafike kumeneko pafunika munthu amene anamugwira zala ku Sitandade 1 n'kuziyendetsa pa timadontho tija. Lamulo silingachite zimenezo. Nyumba ya risosi, ngakhale yopakidwa penti bwanji, singachite zimenezo.

Mwana wa mlongo wanga akupitabe kusukulu. Anzake awiri aja amamumasulira zimene angathe, ndipo mphunzitsi wake watsopano anabwera yekha kunyumba kudzapempha kuti mtsikanayo ndi amake azimuphunzitsa zizindikiro Lamlungu masana. Zimenezi zimandilimbitsa mtima, komanso zimandiwawa, chifukwa mphunzitsi wofunitsitsa chonchi akanayenera kukhala ndi njira yotseguka yopitira ku koleji, malipiro ake akuyenda, ndipo pobwerako apatsidwe ana amene anakawaphunzirira, osati kumuponya ku kalasi ina iliyonse yosowa mphunzitsi. Akanayeneranso kuona kuti luso limeneli limakweza munthu pa ntchito, kuti asadzalisiye pofuna udindo wina. Ndipo mphunzitsi aliyense wotuluka ku TTC, asanalandire satifiketi, akanayenera kukhalapo masabata angapo m'chipinda cha risosi pambali pa katswiri, kugwira mwana weniweni, osati kungolemba notsi.

Inu makolo anzanga a ku Sadzi, ku Chikanda, ku Matawale, ku Chinamwali ndi kwina konse, pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ukubwerawu, tikatha kukambirana za zimbudzi ndi mpanda, wina aimirire afunse mafunso awa: m'zoni yathu ino, aphunzitsi ophunzira za ana aulumali alipo angati, anaphunzira mbali iti, ndipo akapuma kapena kusamutsidwa, akukonzedwa kulowa m'malo mwawo ndani? Musadikire kuti afunse kholo la mwana wolumala, chifukwa nthawi zambiri limakhala kumbuyo, lotopa ndi lamanyazi. Funsani inu amene ana anu akumva ndi kuona bwino, ndipo yankho lake lilembedwe m'maminitsi.